Phunziro 30: Mphero ya Agogo

Mau kwa aphunzitsi ndi makolo

Phunziro ili lili ndi magawo 6. Musaliwerenge lonse tsiku limodzi. Gawo limodzi likwanira tsiku limodzi. Poyamba munthu wamkulu awerenge nkhani mokweza, mwana akutsatira mau ndi cala. Pambuyo pake mwana awerenge yekha mau amene ali pansi pa mutu wakuti Tiwerenge. Ngati pakhomo palibe wamkulu wodziwa kuwerenga, mwana wa kalasi 3 kapena 4 angathandize. Koma agogo asacoke. Akhale pomwepo, pakuti phunziro ili likuwafuna.

Gawo 1: Uyu ndi Tadala

Onani cithunzi. Uyu ndi Tadala. Tadala ndi mtsikana. Ali ndi zaka 7. Ali m'kalasi 1. Mudzi wao uli ku Angónia, m'cigawo ca Tete. Akaima pabwalo amaona phiri la Domwe.

Pakhomo pali amai, agogo ndi mlongo wake Yohane. Yohane ali ndi zaka 3. Abambo kulibe. Amagwira nchito mumzinda wa Tete, m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Amabwera kumudzi pa nthawi ya chuthi.

Tadala amakonda sukulu. Amakonda kuimba. Amakonda kujambula nkhuku ndi mbuzi. Koma Tadala safuna kuwerenga mokweza. Kodi cinacitika n'ciyani?

Tsiku lina aphunzitsi anajambula munthu pa bolodi. Munthuyo anavala cipewa. Pansi pake analemba kuti:

Uyu ndi bambo.

"Tadala, imirira. Werenga," anatero aphunzitsi.

Tadala anaimirira. Anawerenga mokweza: "Uyu ndi dambo."

Ana onse anaseka. Mnyamata wina anati, "Dambo lovala cipewa!" Wina anayamba kulira ngati cule.

"Khalani cete!" anatero aphunzitsi. "Kulakwa si mlandu. Tonse tinabwera kudzaphunzira."

Koma Tadala anali atakhala kale pansi. Anabisa nkhope m'manja. Kuyambira tsiku limenelo, aphunzitsi akamuloza, iye amangoyang'ana pansi. Kunyumba sananene kanthu. Koma agogo anaona kuti buku silitulukanso m'thumba.

Tiyankhe

1. Kodi Tadala ali ndi zaka zingati?
2. Kodi abambo ake amagwira nchito kuti?
3. Aphunzitsi analemba ciyani pa bolodi? Nanga Tadala anawerenga kuti ciyani?
4. Kodi n'kwabwino kuseka mnzathu akalakwa? Cifukwa ciyani?

Tiwerenge

Uyu ndi bambo.
Ili ndi dambo.
Bambo ali ndi cipewa.
Dambo lili ndi acule.

Gawo 2: Mimba kutsogolo, dengu kumsana

Caka ca sukulu cinali pafupi kutha. Tsiku lina ana akuweruka, aphunzitsi anati, "Tadala, tsala pang'ono."

Anapita naye pansi pa mtengo. Anatola kamtengo nalemba pa dothi zilembo ziwiri:

b d

"Tikamawerenga, cala cathu cimayenda kucokera kumanzere kupita kumanja," anatero aphunzitsi. "Zilembo nazo zili pa ulendo womwewo. Ona b. Wakhuta nsima. Mimba yake ili kutsogolo. Ameneyu ndi b wa bambo. Tsopano ona d. Iye ali ndi katundu kumsana. Katunduyo ndi dengu. Ameneyu ndi d wa dengu."

Tadala anayang'anitsitsa. Anayamba kumwetulira.

"Tsopano lemba dzina lako."

Tadala analemba: Ta-da-la.

"Pakati pali ciyani?"

"Pali d, aphunzitsi!"

"Waona? Wakhala ukumulemba caka conse. Ndi mnzako wakale."

M'mawa mwake aphunzitsi anauza ana onse kuti, "Pa 25 Disembala ndi Tsiku la Banja. Nayi nchito yanu ya pa chuthi. Aliyense apemphe munthu wamkulu kuti amuuze nkhani. Mulembe nkhaniyo m'mizere 5. Muiwerenge pamaso pa banja lanu. Mukadzabwera m'kalasi 2 mudzatiuza mmene zinayendera."

Mtima wa Tadala unagunda. Kuwerenga pamaso pa anthu onse? Nanga akadzaseka?

Tiwerenge

ba be bi bo bu
da de di do du

banja, bowa, buku, bakha, bulu
dengu, denga, dimba, diso, dothi

bala, dala
buka, duka
bambo, dambo

Ticite

Tulukani panja. Lembani b wamkulu pa dothi. Imani pambali pake, mugwire mimba. Lembani d wamkulu. Imani pambali pake, mugwire kumsana. Aphunzitsi akachula mau oyamba ndi b, gwirani mimba. Akachula mau oyamba ndi d, gwirani kumsana.

Tilembe

Ikani b kapena d pamene pali mpata.

_owa
_engu
_uku
_iso
_anja
_enga

Gawo 3: Agogo asimba nkhani

Sukulu inatsekedwa. Mvula inali kugwa. Cimanga cinali citamera m'munda, ndipo amai anali kupalira. Madzulo ena Tadala anakhala ndi agogo pa moto. Agogo anali kusankha nyemba m'licero.

"Agogo, aphunzitsi anati mundiuze nkhani."

"Ufuna nthano ya kalulu, kapena nkhani yoona?"

"Yoona, agogo."

Agogo analoza pakhonde. Pamenepo panali mwala waukulu wosalala, wolowa pakati. "Uja n'ciyani?"

"Ndi mphero."

"Inde. Mvera tsono, mdzukulu wanga. Mphero ija inali ya amai anga. Ankaperapo mawere a thobwa. M'caka ca 1986 ndinali ndi zaka 10. Nkhondo inafika m'mudzi muno. Tinathawa usiku. Amai anasenza ufa ndi mphika. Ine ndinabereka mng'ono wanga, amene anali khanda. Mphero inali yolemera. Tinaisiya pabwalo."

"Munapita kuti, agogo?"

"Tinadutsa malire, tinakakhala ku Dedza, m'dziko la Malawi. Anthu a kumeneko amalankhula ngati ife. Anatilandira. Tinakhalako zaka 7."

"Kodi sukulu inaliko?"

"Inaliko. Koma amai ankadwaladwala, ndipo ine ndinali woyamba kubadwa. Ndinkatunga madzi, ndinkatola nkhuni, ndinkalera ana. Azing'ono anga anaphunzira. Ine ayi."

Agogo anakhala cete pang'ono. Anasonkhezera moto.

"Pa 4 Okutobala 1992 akuluakulu anasaina pangano la mtendere ku Roma. Ife tinamva pa wailesi. M'caka ca 1993 tinabwerera kwathu. Koma nyumba panalibe. Nkhokwe panalibe. Udzu unali wautali kuposa abambo ako. Sitinadziwe pamene panali pakhomo pathu. Tinafunafuna tsiku lonse. Dzuwa litapendeka, phazi langa linagunda mwala. Ndinakankha udzu ndi manja. Inali mphero! Amai anagwada pansi, naigwira ndi manja awiri. Anati, 'Ana inu, tafika.' Pamenepo ndi pano tikukhala."

Tadala anapita pakhonde. Anagwira mphero. Inali yozizira. Tsiku lililonse ankaiona, koma sankadziwa nkhani yake.

Tiyankhe

1. Agogo anali ndi zaka zingati pamene anathawa?
2. Amai ao anasenza ciyani? Nanga agogo anabereka yani?
3. N'cifukwa ciyani anasiya mphero?
4. N'cifukwa ciyani agogo sanapite kusukulu?
5. Anadziwa bwanji kuti afika pakhomo pao?

Tiwerenge

mphero, mphika, mphasa, mphaka
udzu, mudzi, madzi, dzuwa

Iyi ndi mphero.
Mphero ndi mwala.
Amai apera mawere.

Tiwerengere

Yohane ali ndi zaka 3. Tadala ali ndi zaka 7. Wamkulu ndani? Akusiyana ndi zaka zingati?

Gawo 4: Tadala alemba

M'mawa Tadala anatenga kope ndi pensulo. Anakhala pamphasa nthawi yaitali. Sanalembe kanthu.

"Amai, nkhani ya agogo ndi yaitali. Mizere 5 siikwana."

Amai anatula khasu. Anati, "Ukamaphika ndiwo suthira munda wonse mumphika. Umathyola zokwanira. Ndiyankhe mafunso atatu. Zinayamba bwanji?"

"Kunali nkhondo. Agogo anathawa."

"Pambuyo pake panacitika ciyani?"

"Anabwera. Udzu unabisa mudzi."

"Zinatha bwanji?"

"Anapeza mphero."

"Nkhani yako ndi imeneyo. Lemba."

Poyamba Tadala anajambula zithunzi zitatu. Cithunzi coyamba, mtsikana wabereka mwana. Caciwiri, udzu wautali. Cacitatu, mwala. Kenaka analemba mau pa dothi. Pamene panalakwika anafafaniza ndi phazi. Atakhutira, analemba m'kope:

Mphero ya agogo
Kale kunali nkhondo.
Agogo anabereka mwana nathawa.
Anasiya mphero pabwalo.
Atabwera, udzu unabisa mudzi.
Koma mphero inadikira banja lathu.

Amai anawerenga. Anafunsa kuti, "Kodi mwala umadikira anthu?"

"M'nkhani yanga umadikira," anatero Tadala.

Amai anaseka. "Wanena zoona. Mzere umenewo agogo sanakuuze. Ndi wako. Usaucotse."

Agogo anabwera pafupi. Anayang'ana m'kope. "Dzina langa lili pati?"

"Mulibe, agogo. Ndangolemba kuti agogo."

"Dzina langa ndi Lidiya. Sindinalilembepo ndi dzanja langa. Akafuna dzina langa pa pepala, ndimadinda cala. Kodi ungandionetse?"

Tadala anadabwa. Iye aphunzitse agogo? Anatola kamtengo nalemba pa dothi: Li-di-ya.

Agogo anatenga kamtengo. Dzanja lao linazolowera khasu ndi munsi, koma kamtengo kanawavuta. Analemba pang'onopang'ono. Atamaliza, pa dothi panali mau awa:

Libiya

Tadala anafuna kuseka. Anakumbukira tsiku lija la dambo. Sanaseke.

"Kulakwa si mlandu, agogo. Onani apa. Mwaika mimba kutsogolo. Uyu afuna dengu kumsana."

"Dengu kumsana," anatero agogo. Anafafaniza, nalembanso.

Kenaka agogo anati, "Ndinaona kuti buku lako linasiya kutuluka m'thumba. Tipangane. Pa Tsiku la Banja iwe ukawerenga, ine ndidzalemba."

Anagwirana canza. Madzulo alionse, mvula ikakata, ankakhala pafupi ndi mphero. Tadala ankawerenga nkhani yake kwa Yohane ndi kwa nkhuku. Agogo ankalemba pa dothi.

Tiyankhe

1. Chulani mafunso atatu amene amai anafunsa Tadala.
2. Tadala anayamba ndi ciyani, kujambula kapena kulemba?
3. Ndi mzere uti umene Tadala anaganiza yekha?
4. N'cifukwa ciyani Tadala sanaseke agogo?

Tikonze

Yohane wasokoneza zilembo. M'mzere uliwonse muli mau amodzi olakwika. Apezeni, muwalembe bwino.

Amai atola dowa.
Mvula igwa pa benga.
Tadala awerenga duku la sukulu.
Agogo ali ku bimba.

Gawo 5: Tsiku la Banja

Pa 24 Disembala abambo anafika. Anatsika galimoto pa Ulongwe, ndipo pofika kumudzi anakwera njinga. Tadala ndi Yohane anathamanga kukawalandira katundu. M'thumba munali mpunga, mafuta, shuga ndi sopo. Munalinso makapulana awiri, ya amai ndi ya agogo.

Abambo anapita kukhonde kumene kunali agogo. Ananjuta, naomba m'manja. "Tikupezani bwanji, amai?"

"Tili bwino, bambo. Kaya inu mwayenda bwanji?"

Madzulo kunabwera amalume ndi ana ao. Kunabweranso agogo ang'ono a ku Tsangano, mng'ono wao wa agogo. Anabweretsa dengu la mbatatesi.

Kunja kutaca, onse anasamba navala zovala zocapa. Anapita ku chalichi, pakuti kwa Akhristu tsikuli ndi Khirisimasi, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Yesu. Anansi ao ena sapita ku chalichi, koma naonso anasesa pabwalo naphika cakudya cabwino. M'dziko lathu la Moçambique, 25 Disembala ndi Tsiku la Banja la anthu onse.

Masana amai anaphika mpunga ndi nkhuku. Amalume anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ana anatunga madzi osamba m'manja. Onse anadya nakhuta. Anamwa thobwa la mawere opera pa mphero ija.

Atatha kudya, amai anati, "Tadala ali ndi mau."

Tadala anaimirira ndi kope lake. Anaona maso ambiri. Miyendo inayamba kunjenjemera. Anayang'ana agogo. Agogo anamuonetsa pensulo imene anabisa m'kapulana.

Tadala anayamba: "Mphero ya agogo. Kale kunali nkhondo. Agogo ana... ana..."

Anaima. Kodi uyu ndi b kapena d? Panali zii. Msuweni wake anayamba kuseka, koma amalume anamuyang'ana, ndipo anatseka pakamwa. Tadala anaika cala pa cilembo. Mimba ili kutsogolo.

"Ana-be-re-ka. Agogo anabereka mwana nathawa."

Anawerenga mzere wacitatu, wacinai ndi wacisanu. Mau ake anamveka mpaka kukhola.

"Koma mphero inadikira banja lathu."

Amai anaimba nthungululu. Onse anaomba m'manja. Koma agogo ang'ono a ku Tsangano anali kupukuta misozi.

"Mwana uja anaberekedwa ndine," anatero. "Ndinali khanda. Ine ndinapita kusukulu cifukwa akulu angawa anatsala pakhomo. Lero mwana wandikumbutsa."

Tsopano inali nthawi ya agogo. Anaika kope pa bondo. Anagwira pensulo. Palibe amene analankhula. Anamveka akunong'ona kuti, "Dengu kumsana." Atamaliza anapereka kope kwa mng'ono wao.

Agogo ang'ono anawerenga mokweza: "Lidiya."

Nthungululu inamvekanso. Abambo anaomba m'manja nthawi yaitali. Kenaka anaitana Tadala. Analemba mau amodzi pa dothi, nadziloza pa cifuwa. "Nanga apa palembedwa ciyani?"

"Bambo," anatero Tadala. "Koma tsiku lina kusukulu ndinakusandutsani dambo."

Anawauza zonse za cipewa ndi za cule. Onse anaseka, ndipo Tadala anaseka nao.

Tiyankhe

1. Tsiku la Banja limakhala pa tsiku liti?
2. Abambo anabweretsa ciyani? Nanga agogo ang'ono?
3. Tadala anaima pa mau ati? Anacita ciyani kuti awadziwe?
4. Mwana amene agogo anabereka anali yani?
5. Kusukulu Tadala anabisa nkhope anthu ataseka. Pa Tsiku la Banja anaseka nao. Cinasintha n'ciyani?

Tiwerenge

Lero ndi Tsiku la Banja.
Abambo abwera.
Amai aphika mpunga.
Tadala awerenga.
Agogo alemba dzina lao.

Gawo 6: Tsopano ndi nthawi yanu

Lembani nkhani yanu monga anacitira Tadala.

1. Pezani cinthu cakale pakhomo panu. Cingakhale mtondo, nkhwangwa, mtengo, ng'oma kapena cithunzi.
2. Pitani kwa munthu wamkulu. Mupatseni moni mwaulemu. Mufunseni kuti, "Kodi cinthu ici cinacokera kuti?"
3. Cherani khutu. Musamudule mau.
4. Dzifunseni mafunso atatu: Zinayamba bwanji? Pambuyo pake panacitika ciyani? Zinatha bwanji?
5. Jambulani zithunzi zitatu.
6. Lembani mizere 5. Mzere uliwonse uyambe ndi cilembo cacikulu, uthe ndi kadontho. Mzere umodzi ukhale woganiza nokha.
7. Ikani mutu pamwamba ndi dzina lanu pansi.
8. Yesani kuwerenga katatu musanaime pamaso pa anthu.

Zilape

Cilape! Nacize!
Ndili ndi masamba koma sindine mtengo.

Cilape! Nacize!
Ndikagwira nchito ndimafupika.

Cilape! Nacize!
Mai wagona pansi, mwana akuyendayenda pamwamba, ufa ukutuluka.

Mayankho: buku, pensulo, mphero ndi mwana wake.

Masiku ena a cikondwerero

Tsiku la Banja si tsiku lokhalo lowerengera anthu nkhani. Onani masiku awa pa kalendala. Aphunzitsi akuthandizeni kuwapeza.

1 Januwale: Caka Catsopano.
3 Febuluwale: Tsiku la Ngwazi za Moçambique.
7 Epulo: Tsiku la Amai a ku Moçambique.
1 Juni: Tsiku la Ana.
25 Juni: Tsiku la Ufulu. Dziko lathu linalandira ufulu m'caka ca 1975.
4 Okutobala: Tsiku la Mtendere.
25 Disembala: Tsiku la Banja.

Ndi tsiku liti limene agogo anachula m'nkhani yao? Ndi tsiku liti limene ndi lanu, ana inu? Kupatula masiku awa, kwanu mumakondwerera ciyani? Ukwati? Kubadwa kwa mwana? Kutha kwa kukolola?

Timve Cipwitikizi

Mau awa ndi ongomva ndi kunena. Aphunzitsi anene, inu mubwereze. Musawalembe tsopano.

banja: família
amai: mãe
abambo: pai
agogo aakazi: avó
agogo aamuna: avô
buku: livro
nyumba: casa

Kwa makolo

Inu makolo, mwana wanu wayamba kuwerenga m'Cinyanja. Ena amafunsa kuti, "Nanga Cipwitikizi adzaciphunzira liti?" Akuciphunzira kale ndi makutu ndi pakamwa. Koma kuwerenga kumayamba bwino m'cilankhulo cimene mwana amacimva. Akawerenga mau akuti dambo pansi pa cithunzi ca munthu, amadziwa yekha kuti palakwika, cifukwa dambo amalidziwa. M'cilankhulo cacilendo angathe kuchula zilembo zonse osamva kanthu, ndipo akalakwa sadziwa. Mwana akadziwa kuti zilembo zimaimira mau a pakamwa, nzeru imeneyo amapita nayo ku Cipwitikizi. Sayambanso poyambirira.

Njira iyi inayesedwa koyamba m'dziko muno kuyambira 1993 mpaka 1997, m'nchito yochedwa PEBIMO. Ku Tete ana anaphunzira m'Cinyanja ndi Cipwitikizi, ndipo ku Gaza anaphunzira m'Xichangana ndi Cipwitikizi.

Pa nthawi ya nkhondo anthu a ku Moçambique oposa 1,000,000 anathawira ku Malawi. Ambiri a inu munaphunzira kumeneko, ndipo mudzaona kuti kalembedwe ka m'buku lino kakusiyana pang'ono. Ku Malawi amalemba chimanga, chaka ndi ntchito. Kuno timalemba cimanga, caka ndi nchito. Mau ndi omwewo, kachulidwe n'komweko. Ife timaika h pambuyo pa c pokhapokha pamene mau atuluka ndi mpweya, monga m'mau akuti chuthi ndi nchenche. Musamuuze mwana kuti walakwa akalemba caka.

Inu amene munaphunzira m'Cipwitikizi, kumbukirani zinthu ziwiri. Cilembo c m'Cinyanja sicimveka ngati c wa m'mau akuti casa. Cimamveka ngati m'mau akuti cala. Ndiponso pamene Cipwitikizi cimalemba nh, ife timalemba ny, monga m'mau akuti nyumba ndi nyemba.

Ana ambiri a kalasi 1 amasokoneza b ndi d, ndiponso p ndi q. Si ulesi, si kupusa. Mpando ukautembenuza umakhalabe mpando, ndipo mwana anazolowera zimenezo. Cilembo cokha ndi cimene cimasintha dzina cikatembenuka. Mwana amafuna nthawi kuti azolowere. Musamukalipire, musamumenye, ndipo akulu ake asamuseke. Mwana wosekedwa amabisa buku.

Nazi zimene mungacite ngakhale simudziwa kuwerenga. Mpatseni mwana nthawi pang'ono tsiku lililonse kusanade, atamaliza nchito za pakhomo. Muuzeni akuwerengereni, inu mumvetsere. Akawerenga zosamveka, mufunseni kuti, "Kodi timatero?" Iye adzabwerera yekha. Pepala likasowa, dothi ndi kamtengo zilipo. Buku lisungidwe m'pulasitiki, pamalo okwera, kuopa mvula, ciswe ndi ana ang'ono. Nthawi yopalira ndi yokolola nchito imaculuka, koma mtsikana naye apite kusukulu monga mlongo wake.

Muuzeni nkhani za banja lanu: kumene munacokera, amene anamanga mudzi, amene anabzala mitengo. Nkhani zowawa muzinene mofatsa, monga anacitira agogo a Tadala, osamuopseza mwana. Tsiku la cikondwerero likafika, anthu atatha kudya, mupatseni mpata aimirire. Akaima pakati pa mzere, dikirani. Musafulumire kumuuza mau. Akamaliza, lembani dzina lanu pansi pa nkhani yake. Ngati simudziwa kulilemba, mufunseni akuonetseni.